Yankho Limene Sindinalembe

Abwana atandiimbira usiku, ndinabwerera ku ofesi kukayesa pulogalamu yathu yotumiza mauthenga kwa odwala. Poyesa timachotsa gawo lotumiza lenileni n'kulowetsapo lonamizira. Ndinalilemba ndekha, ndipo limangoyankha kuti, "Uthenga wafika."

Mayeso asanu ndi anayi anadutsa. Achikhumi anakana.

Yankho linali lakuti, "Uthenga sunafike. Mwiniwake akudikira pompano."

Nambala ya foni ya wodwala imene ndinkayesera inali yongopeka. Ndinazula chingwe cha intaneti n'kuimbira mnzanga wakuntchito.

"Achimwene, munagwirako gawo lonamizira lija?"

"Ine? Ndili m'bulangete ine. Tayesanso, usandisowetse tulo."

Ndinayesanso. Mu ofesi monse ndinali ndekha. Kuseri kwa kabati, mumdima, foni inalira kamodzi, ndipo wina anakokera mpando.