Zidindo za Rahila pa Khoma la Sukulu

Panali munthu wina ku Benga, dzina lake Faruku, amene ankalemba zikwangwani za magolosale. Amene anandiuza nkhaniyi analipo pamene zinkachitika, ndipo mpaka pano akaikumbukira amaseka.

Zinali zaka zija sukulu ya pulayimale itangokhala yaulere, ana atadzaza m'makalasi, mabuku osakwana. Mlongo wake wa Faruku, Rahila, anali mphunzitsi, ndipo anapeza nzeru yake. Ankatola mapatapata akutha n'kusema tizidindo ndi lezala: kena ka mafunde, kena ka timadontho, kena ka timizere topingasa. Akajambula mapu pa pepala la thumba la simenti, ankanyika kachidindo mu inki n'kudinda mpaka dera lonse litadzaza.

Koma mapu akewo sanali a Malawi. Anali a dziko longopeka limene anapanga ndi ana a Sitandade 4, kuti aziphunzira kulemba nkhani. Chidindo chilichonse chinali ndi tanthauzo lake. Rahila sanali womana. Aphunzitsi a sukulu zoyandikana ankabwereka zidindozo, ena kusema zawo potengera zakezo, moti ana a dera lonselo anadziwa dziko lopekalo ngati kwawo.

Tsiku lina komiti ya sukulu ina ya ku Malengachanzi inaitana Faruku kuti ajambule mapu a boma la Nkhotakota pa khoma la buloko yatsopano. Inali ntchito yake yaikulu yoyamba, ndipo anauzidwa kuti ikakongola, sukulu zina zitatu zidzamufuna. Kudzaza khoma lonse ndi burashi kukanamutengera masabata, ndiye anapita kukabwereka zidindo kwa mlongo wake.

Rahila anamupatsa thumba lonse mosangalala, pamodzi ndi pepala limene analembapo tanthauzo la chidindo chilichonse.

"Achimwene, muwerenge kaye pepalali musanadinde," anatero. "Cha madzi, cha mchenga ndi cha nkhalango zigwira ntchito pa mapu aliwonse. Zinazi ndi za dziko lathu lija, ndipo ana amazidziwa bwino."

Faruku anaseka. Anati iye anayamba kugwira burashi Rahila akadali kusewera phada, ndipo madontho ndi madontho basi. Pepalalo anakulungira zitumbuwa panjira.

Anagwira ntchito masiku anayi, kusankha zidindo poona kukongola kwake. Kunena zoona, mapuwo anakongola.

Tsiku lotsegulira bulokoyo, makolo anasonkhana, nsalu yotchinga khoma n'kuchotsedwa. Akuluakulu anawomba m'manja. Koma ana anaphulika ndi kuseka, ena mpaka kugwira m'mimba. Ahedi, mayi Enelesi, anawafunsa chomwe chinavuta.

Ana anayamba kuloza, kulandirana mawu. Ku Benga Faruku anadindako chidindo cha mudzi wa anthu oyenda chafutambuyo. Ku Kanyenda kunali dambo la achule ovala nsapato. Minda yonse ya mpunga ya ku Malengachanzi inali chipululu cha mchere. Ndipo mudzi wa wapampando wa komiti, a Hussein, unali pamwamba penipeni pa phiri la anthu ogona usana wonse.

A Hussein anayang'ana khomalo nthawi yaitali. "Ndiye kuti ine zaka zonsezi ndakhala ndikulima mpunga m'chipululu, ndili m'tulo?"

Makolo nawo anagwa ndi phwete. Koma a Hussein atamaliza kupukuta misozi ya kuseka, anamuuza Faruku mwachindunji kuti ana sangaphunzire boma lawo pa mapu oterowo, ndipo komiti sinailandire ntchitoyo. Aphunzitsi a sukulu zitatu zija anali pomwepo akumva.

Faruku anapalasa njinga mpaka kwa mlongo wake, manyazi ali tho. Anamufotokozera zonse, ndi za zitumbuwa zomwe. Rahila anaseka mpaka kukhala pansi, koma sanamunyoze. Anangomutuma kuti akatole mapatapata ena kumsika. Anasema limodzi zidindo zatsopano: ngala ya mpunga, tsamba la chinangwa, kansomba ka midzi ya asodzi.

Loweruka anapita onse awiri ku sukulu ija. Faruku atasungunula laimu kuti afufute khoma lija, mayi Enelesi anamugwira dzanja. Anati sabata yonseyo ana anakhala akulemba nkhani za achule ovala nsapato, ngakhale aja amathawira kunyanja anabwera m'kalasi. Anapempha kuti angofufuta mayina enieni a malo, pamwamba alembe kuti DZIKO LONGOPEKA, ndipo mapu oona ajambule pa khoma linalo.

Anachita zomwezo. Ulendo uno Faruku anayamba walemba tanthauzo la zidindo pakona, Rahila n'kuona, kenako n'kumadinda. Komiti inakondwa, ndipo sukulu zitatu zija zinamuitana, iliyonse kufuna makoma awiri.

A Hussein anangopempha chimodzi. Anati ngakhale mayina afufutidwa, aliyense akudziwa pamene pali mudzi wawo, ndiye awatsitse pa phiri lija. Rahila anafunsa ana komwe angawasamutsire. Anagwirizana zoti akakhale m'mbali mwa mtsinje wa uchi, ndipo a Hussein anadinda okha ndi dzanja lawo.

Phunziro: Munthu akakubwereka chida, tenganso malangizo ake, ngakhale akhale wamng'ono kwa iwe. Chimene chikutanthauza mpunga kwa iwe, kwa wina chikutanthauza chipululu, ndiye funsa kaye usanadinde. Ndipo ukalakwa, bwerera kwa amene anakuchenjeza, usachite manyazi. Tumizani nkhaniyi kwa anzanu, makamaka aja amati "ndikudziwa kale" asanawerenge.