Choko cha Nankhoma

Chitsekereni sukulu zonse, lamulo linali lakuti mwana aziphunzira pakhomo chimene mtima wake wakonda. Nankhoma, amene kale anali mphunzitsi, anasunga choko m'chitini kudikira mwana wake Tisaiwale. Koma mtsikanayo anakonda dongo. Ankangokhalira kuseri kwa nyumba, kuumba miphika ndi Nazimbiri, mkazi wamng'ono wa bambo ake, munthu wosadziwa ngakhale kulemba dzina lake. Akamaseka awiriwo, Nankhoma mtima unkamuwawa.

Tsiku lina Tisaiwale anabwera manja ali matope okhaokha.

"Amayi, ndiphunzitseni kulemba."

Nankhoma anatsegula chitini chija n'kutulutsa choko. "Tiyambe ndi chiyani, mwanangu?"

"Dzina la amayi aang'ono. Ndikufuna ndililembe pamphika wanga woyamba usanaume."

Nankhoma analilemba dzinalo pakhoma, mokanikiza, mpaka choko chinathyoka.