Zigamba za Mayi Nkhanga

Padangokhala Khwangwala, amene jekete lake lakuda linapsa ndi simbi pachifuwa. Nungu, telala wa m'nkhalango, anamusokerapo chigamba choyera, ndipo aliyense ankati watchena ngati abusa.

Mayi Nkhanga nsanje inawagwira, nathamangira kwa telalayo.

"A Nungu, ine mundisokere zigamba chikwi!"

"Mayi, diresi lanuli ndi latsopano. Chigamba chimafuna chibowo."

Mayi Nkhanga anavula diresilo n'kulijompha paliponse mpaka kolala inathothoka. Nungu anasoka ndi minga yake mpaka yonse kumuthera kumsana.

Lamlungu mayiwo analowa m'tchalitchi monyang'wa, madontho thupi lonse, khosi lili pamtunda. Nyama zonse zinatulukira pawindo zikukuwa kuti, "Nthomba! Nthomba!"

Anatsala Khwangwala yekha, nafunsa chapansipansi: "Pepanitu mayi, kuchipatala mwapitako?"