Lamulo Limene Linadutsa Phungu Ali ku Maliro

Panali munthu wina dzina lake Fintan Mulkerrin, phungu wa dera lina la kumadzulo kwa Ireland. Anali munthu wa anthu. Maliro akagwa m'dera mwake, iye ankafika bokosi lisanatuluke m'tchalitchi, n'kugwira chanza aliyense. Sankachita mwachiphamaso ayi, chisoni anali nachodi.

Ku nyumba ya malamulo anamuika m'komiti younika malamulo ochokera ku Brussels. Mayiko a mumgwirizano wa Ulaya akamanga mfundo kumeneko, unduna umalemba malamulo ang'onoang'ono oyendetsera mfundoyo m'dziko la Ireland. Malamulo otere savoteredwa. Amangoyalidwa pamaso pa aphungu, ndipo nthawi yake ikatha popanda wotsutsa, basi akhazikika.

Wapampando wa komitiyo, Mayi Hession, anamuchenjeza tsiku loyamba lomwe.

"Olemekezeka, muno kukhala chete ndi voti. Muziwerenga."

"Mayi, anthu anga sanandisankhire mapepala," anayankha Fintan akuseka.

Tsiku lina kunayalidwa lamulo lokhudza mkaka. Tsiku lokambirana, kwawo kunagwa maliro a mphunzitsi wake wakale. Akutuluka m'nyumba ya malamulo mapepala a lamulolo ali m'manja, anakumana ndi bambo wina wa ku unduna amene sankamudziwa n'komwe.

"Muli chiyani m'menemu, achimwene?"

"Zaukhondo chabe, bwana. N'za ku Brussels izi, ife tangokopera. Ngakhale muwerenge mpaka maso afiire, simungasinthemo ndi kadontho komwe."

Fintan anapumira m'mwamba, naponya mapepalawo kumbuyo kwa galimoto, ulendo wa kumaliro.

Tsono Fintan anali ndi mchemwali wake wamkulu, Nuala, mayi wamasiye. Ankaweta mbuzi n'kumapanga tchizi cha mkaka wosawiritsa monga ankachitira mayi awo, ndipo ndi chimene chinkamudyetsa. Patapita miyezi lamulo lija litakhazikika, woyendera zaukhondo anafika n'kumuuza kuti agule makina owiritsira mkaka ndi kumanga chipinda chatsopano, apo ayi atseke. Mtengo wake unali woposa wa munda wake wonse.

"Ndi Brussels imeneyo, achemwali!" anakalipa Fintan. "Anthu osadziwa ndi fungo la mbuzi lomwe!"

Anakanenanso zomwezo pa wailesi, anthu n'kumuyamikira. Koma Orla, mwana wa Nuala amene anakwatiwa ku France, dziko limene lilinso mumgwirizano wa Ulaya, anamuimbira foni.

"Amalume, mukunyoza ndani? Apongozi anga akupanga tchizi chomwecho, ndipo lamulo ndi lomwelo. Limalola dziko lililonse kusiya alimi ang'onoang'ono kuti apitirize."

Apo m'pamene Fintan anawerenga kwa nthawi yoyamba. Zinali zoona. Brussels inasiya khomo lotseguka, koma olemba lamulo la ku Ireland sanaliikemo. Anathamangira kwa Mayi Hession.

"Mayi, tilitsutse lero lomwe!"

"Nthawi yotsutsa inatha kalekale, Olemekezeka. Tsopano tidikira kuti nduna ifune yokha, kaya ndi liti. Ine ndinawerenga, koma ndinakulira m'tauni, sindinaone chimene chinasowa. M'komiti monse, wodziwa za mbuzi munali inu nokha. Mpando wanu unali wopanda munthu."

Mbuzi sizidikira nduna, zimafuna kudya tsiku lililonse. Nuala anazigulitsa zonse. Tsiku limene lole inabwera kudzazitenga, Fintan anafika atavala jekete lake lakuda, naima pachipata.

"Wabwera?" anatero Nuala. "Ndinadziwa. Maliro sujomba iwe."

"Achemwali, ine..."

"Usayambe zolankhula zako za pa wailesi. Gwira chanza, ndi ntchito imene umaitha."

Fintan anagwira dzanja la mchemwali wake, misozi ili chuchuchu. Lole itachoka, Nuala anamulowetsa m'nyumba, nam'thirira tiyi, n'kudula tchizi chomaliza pawiri.

"Idya," anatero. "Ichi ndiye unachivomereza kuti chithe."

Phunziro: Mtima wabwino sulowa m'malo mwa ntchito imene munthu wapatsidwa. Wina akakuuzani kuti "izi zachokera kumwamba, sizisinthika," muuzeni akuonetseni pamene palembedwa zimenezo. Lamulo lodutsa mwakachetechete limaluma chimodzimodzi ndi lodutsa ndi phokoso. Tumizani nkhaniyi kwa ena, makamaka kwa phungu wanu, ndipo mum'funse chimene wawerenga sabata ino.