Msampha wa a Mandevu

"Ine mpira ndauonera m'mayiko oti simungawatchule n'komwe, achimwene. Mukachinya ngakhale chimodzi, mundimete ndevuzi," anatero a Mandevu, mwini malole, akukhala pabenchi m'babashopu.

Sabata yapitayo anali atamwetsa wometayo zigoli zinayi pa gemu ya mpira yoseweredwa ndi timabatani pa TV. Lero anabwera ndi kaseweredwe kokonza okha. Kutsogolo anaika "Mphezi", kumbuyo "Msampha", woti oteteza onse azithamangira pakati pa bwalo kuti mdani agwidwe ofusayidi.

Mpira utayamba, otetezawo anathamangiradi kutsogolo momvera. Wosewera wa wometa anatsala yekha ndi goloboyi, n'kuchinya.

"Ofusayidi iyo! Refa wagona!"

Pomwe chinkalowa chachinayi, a Mandevu n'kuti ataimirira, akulalatira TV.

"Pepani bwana," anatero wometa, "ofusayidi tinaithimitsa kalekale mu gemuyi. Makasitomala ankamenyana."

"Nanga bwanji osandiuza?"

"Munthu woyenda mayiko, ine ndingamuuze chiyani?"

Anawakulunga nsalu m'khosi, n'kuyatsa makina ometera.

"Zinayi munandikongoza zija ndabweza, bwana. Kumetaku n'kwaulere."