Wotchingira Mnzake Mphepo

"Pakwana, Jelagat! Kwera galimoto!" anakuwa a Kimaiyo, mphunzitsi wawo, mutu uli pawindo la pikiapu.

Jelagat sanacheuke. Kwa zaka zinayi ntchito yake pakampu ya othamanga ku Iten, m'dziko la Kenya, inali imodzi: kuthamanga kutsogolo kwa Jeptum, kumutchingira mphepo, n'kupatuka pa kilomita ya 30 kuti mnzakeyo akamalize yekha. Tsiku limeneli anali atalumbira kumaliza makilomita onse 40, aphunzitsiwo adzionere okha, amutumize ku Ulaya ngati wopikisana weniweni.

"Iwe, wapenga? Mabotolo ako atha!"

"Sungani madzi anuwo, aphunzitsi."

Pikiapu inatsalira m'mbuyo kukamwetsa Jeptum. Kukhosi kwa Jelagat kunauma gwaa, fumbi lofiira lili m'mano, ntchafu zikukokana. Anafika pamtengo womalizira ali yekhayekha, n'kugwa chafufumimba. Jeptum anatulukira patapita mphindi ziwiri zathunthu.

A Kimaiyo anatsika, maso ali pawotchi.

"Makilomita khumi opanda ndi dontho lomwe!" anatero. "Mwana iwe, unkandibisira mphamvu zonsezi? Longedza chikwama, ku Ulaya ukupita."

Jelagat anadzuka, misozi ikulengeza m'maso.

"Zoona, aphunzitsi?"

"Zoona. Jeptum amafooka pa 35, ndipo ndakhala ndikusowa womukoka mpaka pa 38. Ukamufikitse pamenepo, kenako ukapatuke monga mwa masiku onse."

Anatembenukira kwa dalaivala.

"Botolo latsalalo mupatse Jeptum. Watopa mwanayu."