Miyala M'thewera la Lonjezo

Chibwerereni lamulo loti makina othandiza kupuma azipatsidwa kwa mwana wolemera thupi, ati poti ndiye sachedwa kuchira, aliyense m'mudzimo ankanenepetsa mwana ngati nkhumba yogulitsa. Kwa Nachisale dzira linali la Lonjezo yekha, azikulu ake n'kumangomeza malovu. Koma chibayo chitamugwira, mwanayo anangotsala mafupa okhaokha, nthiti zikulowa m'kati akamapuma.

"Sikelo ikamukana ameneyu," anatero mwamuna wa Nachisale.

Nachisale anasokerera timiyala ta kumtsinje m'thewera, n'kubereka mwana, ulendo wa kuchipatala.

Atamuika pasikelo, nyali yobiriwira inayaka. Namwino sanayang'ane munthu kumaso. Anapita pabedi la pakona, nachotsa timapaipi m'mphuno mwa kamtsikana kena, n'kudzatiika mwa Lonjezo. Mayi wa kamtsikanako atatembenuka, Nachisale anamuzindikira. Anali Nagama, mnzake wotunga naye madzi pamjigo.

Nagama sanalire. Anakulunga mwana wake wobanikayo m'chitenje, naima pafupi, maso ali pa timiyendo ta Lonjezo tonga bango.

"Wanenepa bwino mwana wanu, asisi," anatero. "Mumamudyetsa chiyani?"